Nkhani za ana a kusukulu yogonera komweko: mwana ayambe ndi buku liti?

Funso

Zikomo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12, ali mu Sitandade 7, ndipo tikuganiza zoti ku sekondale adzakakhale pasukulu yogonera komweko. Iyeyo akuchita mantha. Azakhali ake amene ali ku Britain ati atumiza mabuku a nkhani za ana a kusukulu zotere, aja akale a Chingerezi, koma ati ndisankhe ndine. Ineyo sindinakule ndi mabuku amenewa. Abwino ndi ati, ndipo ayambe ndi liti? Komanso bambo ake akuti nkhani za azungu zingomuphunzitsa mwano ndi kuzemba m'hositelo usiku. Kodi akunena zoona?

Mayi wina wa ku Zomba

Yankho

Amayi, auzeni azakhaliwo atumize *First Term at Malory Towers* la Enid Blyton, ndipo akakhala ndi mpata wosakasaka, awonjezepo buku lililonse la Moses, lolembedwa ndi Barbara Kimenye. Awiriwo akwana kuyambira. Bambo a mwana nawo musawatsutse msanga. Chodetsa nkhawa m'mabukuwa chilipodi, kungoti iwo nkhawa yawo aiika pa kanthu kakang'ono. Mwana sawonongeka chifukwa wawerenga za atsikana odya keke pakati pa usiku. Chimene chingamupweteke ndi lamulo lina limene pafupifupi mabuku onsewa amalilemekeza, lakuti mwana wabwino sanenera mnzake kwa aphunzitsi. Ndifika pamenepo, koma tiyambe ndi mabuku enieniwo.

Nkhanizi kwawo ndi ku Britain. Kumeneko mabanja opeza bwino ankatumiza mnyamata kusukulu yogonera komweko ali ndi zaka 8, ndipo pofika zaka 13 ankalowa sukulu zikuluzikulu monga Eton, Harrow ndi Rugby. Ena mwa makolowo sankakhala n'komwe m'dzikomo. Anali ku India, ku Malaya, ena kuno ku Nyasaland, pa ntchito za ufumu wa Britain, ndiye mwana ankakwezedwa sitima ya pamadzi n'kukhala zaka osawaona amake. Dongosolo la sukulu zimenezo linadzafika kwathu kuno kudzera kwa amishoni ndi boma la atsamunda: Overtoun ku Livingstonia mu 1894, Blantyre Secondary mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, mpaka Kamuzu Academy imene Dr Banda anatsegula ku Mtunthama mu 1981 ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. N'chifukwa chake mwana wanu zambiri za m'mabukuwa akazipeza zili momwemo: belu lodzutsa, ma prefect, matironi, prepu ya madzulo, mahositelo opikisana pa masewero, kalata yochokera kunyumba. Chachilendo chidzakhala chipale chofewa ndi masewero a lacrosse, aja amawakha mpira ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga.

Chodabwitsa n'chakuti ana ambiri amene ankawerenga nkhanizi ku Britain komweko sanapondeko pasukulu yotere. Anali ana a anthu wamba, ogula timagazini totchipa mlungu ndi mlungu. Chimene chinkawakoka si chuma cha sukuluzo ayi, koma kuti makolo mulibemo. Wolemba akawachotsa makolo, mwana wa m'nkhani amayenera kudzisankhira yekha mnzake, kudziyankhira yekha akanamiziridwa, kudzipepesera yekha akalakwa. Mwana wa zaka 12 amaziganizira kale zimenezi, ngakhale amene amagona kunyumba tsiku lililonse.

*Malory Towers* ndi mabuku 6, anatuluka kuyambira 1946 mpaka 1951, ndipo amamutsata Darrell Rivers kuyambira tsiku loyamba, ali ndi zaka 12 ngati wanuyo, mpaka tsiku lotsazika. Sukuluyo ili pamwamba pa phompho m'mbali mwa nyanja ku Cornwall, ku England, ili ndi nsanja zinayi momwe atsikana amagona, ndipo dziwe lawo losambira ndi losemedwa m'matanthwe, madzi ake amachita kulowa okha nyanja ikadzaza. Blyton sanangozilota zonsezi: sukulu ya Benenden, kumene kunkaphunzira mwana wake, inasamutsidwira ku Cornwall pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndipo dzina la Darrell analitenga kwa mwamuna wake wachiwiri, dokotala wa opaleshoni Kenneth Darrell Waters.

Chimene ndimalikondera buku loyambalo n'chakuti Darrell si mngelo. Ndi wamtima wapachala. Tsiku lina kudziwe kuja, Gwendoline, mtsikana wolemereredwa ndi kunyada, agwira mtsikana wamantha, Mary-Lou, n'kumumiza m'madzi mwadala. Darrell aona, magazi amuthamanga, apita n'kukamuwomba Gwendoline mbama zotsatizana pamaso pa onse. Woŵerenga amasangalala, poti Gwendoline zamuyenera. Koma nkhani siimuombera m'manja Darrell. Iye mwini achita manyazi, apita kukapepesa popanda womukakamiza, ndipo anzake ayamba kumulemekeza chifukwa cha kupepesako, osati mbamazo. Kutsogolo akankhanso mtsikana wina, Sally Hope, ndipo Sally akadwala mwakayakaya usiku womwewo, Darrell agona ndi mantha poganiza kuti wamuvulaza ndi iye. Zidziwika kuti ndi apendikisi, ndipo womuchita opaleshoni ndi bambo ake a Darrell omwe. Zidziwikanso kuti Sally ankauma mtima chifukwa kwawo kunabadwa khanda, ndiye iye ankayesa kuti amutumiza kusukulu kuti achoke pamaso pa amake. Apa ndiye pamene bukuli limagwira ntchito kwa mwana ngati wanu. Ana ambiri otumizidwa kutali amakhala ndi funso limeneli mumtima, lakuti kodi akundichotsa chifukwa sakundifuna, koma salitulutsa. Akaliona mwa Sally, nthawi zina amayamba kulankhula.

Ngati mantha a mwana wanu afika poti akukaniratu kupita, pali lina la Blyton yemweyo limene lingamufike pamtima kuposa, *The Naughtiest Girl in the School* la 1940. Elizabeth Allen alumbira kuti akachita mwano woopsa mpaka amubweze kwawo. Sukulu yake, Whyteleafe, ndi ya anyamata ndi atsikana pamodzi, ndipo amaweruza milandu ndi ana okhaokha pa msonkhano wa mlungu uliwonse. Ndalama zonse zimene mwana watumiziridwa amaziponya m'bokosi limodzi, kenaka aliyense amalandira masheleni awiri, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Ana akawerenga pamenepa amakangana okha ngati zili zachilungamo, ndipo mkangano wake umakoma. Mabuku a *St Clare's*, a mapasa Pat ndi Isabel O'Sullivan, amene anayamba mu 1941, ndi ofanana ndi *Malory Towers* koma osafika pamenepo. Akawafuna atatha enawo, musamuletse.

Blyton ali ndi zilema zake, ndipo ndi bwino muzidziwe. Chingerezi chake n'chophweka, mawu amabwerezabwereza, moti a BBC anakhala zaka zambiri osafuna kuulutsa nkhani zake poziona ngati zopepera, ndipo oyang'anira malaibulale ena ankazikana. Kwa mwana wa Sitandade 7 amene Chingerezi ndi chiyankhulo chachiwiri, kuphwekako ndi mwayi. Blyton ali ngati phala: mwana amayambira pamenepo, kungoti sakulira phala lokha. Chilema chenicheni chili pa mmene amaonera anthu. Mphunzitsi wa Chifalansa nthawi zonse ndi woseketsa, wopusitsidwa ndi ana. Mtsikana wa ku America amangoganiza zodzola. Mwana amene bambo ake alemera posachedwa, osati chuma cha makolo, amanyozedwa pa kalankhulidwe. Ndipo Gwendoline, amene tsiku loyamba analira posiyana ndi amake, nkhani imamuseka kuyambira pamenepo mpaka pafupifupi buku lomaliza. Mwana wanu akafika apo mumuuze kuti kulira posiyana ndi mayi si mlandu, ngakhale Blyton akuganiza choncho.

Tsopano Moses. Barbara Kimenye anabadwira ku England mu 1929, koma moyo wake wambiri unali ku East Africa. Anagwirapo ntchito m'boma la Kabaka, mfumu ya Buganda ku Uganda, analinso mtolankhani, ndipo anamwalira mu 2012. Mabuku a Moses anayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1960, ndipo ana a ku Uganda ndi Kenya anakula nawo. Moses Kibaya ndi mnyamata amene wachotsedwa kale m'sukulu zingapo, ndiye abale ake akamuponya pa sukulu ya a Mukibi, yokhala ndi dzina lalitali lodzitama kuti ndi ya ana a mabwana a mu Africa, pamene nyumba zake n'zakutha, chakudya n'chosalongosoka, ndipo mwini sukulu diso lake lili pa fizi. Mnzake wapamtima ndi chimnyamata chotchedwa King Kong. M'buku lina Moses aweta njoka n'kuitcha Mildred. Palibe dziwe losambira la m'matanthwe kuno, palibe keke yochokera kunyumba. Ana ali ndi njala, ali ndi nzeru zopezera tindalama, ndipo akuluakulu si onse oyenera ulemu umene amaufuna.

Ndikuti awerenge Moses pambali pa Blyton chifukwa mwana wongowerenga *Malory Towers* akhoza kukafika pasukulu yake, n'kuona nyemba zofumbwa ndi mzere wa pampopi m'mamawa, n'kuganiza kuti iyeyo ndiye wagwa m'tsoka. Moses amamuuza kuti sukulu ikhoza kukhala yosalongosoka, iwe n'kupezamo anzako a moyo wonse ndiponso zoseketsa zodzafotokozera adzukulu. Bambo a mwana akaliona mwina adzati ili ndiye la mwano weniweni. N'zoona, Moses ndi wovuta. Koma si wankhanza, ndipo zochita zake zambiri zimamubwerera. Mabukuwa anasindikizidwa ndi Oxford University Press, ndipo ku Britain sapezeka m'sitolo wamba. Azakhaliwo ayang'ane kwa ogulitsa mabuku akale pa intaneti, kapena mutume munthu wopita ku Nairobi kapena Kampala.

Pali mabuku awiri amene amakhudza nkhani imene Blyton amaizemba, nkhani ya ndalama. Loyamba ndi *A Little Princess* la Frances Hodgson Burnett, la 1905. Sara Crewe afika pa sukulu ya Miss Minchin ku London ali mwana wa Mngerezi wolemera wokhala ku India, ndipo mwini sukulu amuika patsogolo pa ana onse ngati chionetsero. Tsiku lokumbukira kubadwa kwake, phwando lili m'kati, ifika nkhani yakuti bambo ake amwalira ndipo chuma chonse chapita. Tsiku lomwelo amuvula zovala zabwino, amusamutsira kukachipinda ka kudenga kozizira, kokhala makoswe, n'kumusandutsa wantchito. Aliyense amene anaonapo mwana akubwezedwa pageti chifukwa cha fizi sangawerenge mutu umenewo mtima uli m'malo. Mathero ake ndi a nthano, chuma chimabwerera mwa mwayi, ndipo mmwenye wantchito amene amamuthandiza Sara amaonetsedwa mwa kaonedwe ka atsamunda. Komabe pakati pa bukulo pali zoona zambiri za mmene anthu amasinthira nkhope ndalama zikatha.

Lachiwiri si la ku Britain. Ndi la Mjeremani Erich Kästner, la 1933, ndipo m'Chingerezi limatchedwa *The Flying Classroom*. Chaka chomwecho a Nazi anawotcha mabuku ake ku Berlin iye ali pomwepo kuonerera. M'nkhaniyi Martin, mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasi, alandira kalata yochokera kwa amake yoti ndalama ya sitima yobwerera kunyumba pa Khirisimasi yasowa, poti bambo ake sali pantchito. Iye abisa, adziletsa kulira, mpaka mphunzitsi wina azindikira n'kumupatsa ndalamayo. Mulinso kamnyamata kamantha, Uli, kamene katopa ndi kusekedwa, kakwera pamwamba n'kudumpha ndi ambulera kuti anzake aone kuti si wamantha, n'kuthyoka mwendo. Mwa mabuku onse amene ndatchula, ili ndi limene ndingapatse mnyamata kapena mtsikana, wa kumudzi kapena wa m'tauni, osadandaula kanthu.

Mwana akazolowera kuwerenga ndipo akufuna nkhani zosatha msanga, pali *Chalet School* ya Elinor Brent-Dyer, mabuku 58 kuyambira 1925 mpaka 1970. Madge Bettany, mtsikana wa Chingerezi wosowa pogwira, atsegula sukulu m'mapiri a Tyrol ku Austria, kwinaku akufuna mpweya wabwino wa mng'ono wake Joey wodwaladwala. Atsikana ake ndi a mitundu yosiyanasiyana, Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, ndipo kutsogolo sukuluyo imakhala ndi masiku olankhula Chingerezi, ena Chifalansa, ena Chijeremani. Onse 58 safunika. A kumapeto ndi obwerezabwereza. Koma *The Chalet School in Exile* la 1940 ndi lina ndithu. Hitler watenga Austria mu 1938, atsikana ena ateteza nkhalamba ya Chiyuda imene gulu la anthu likuithamangitsa mumsewu, ndipo chifukwa cha chimenecho athawa m'dzikomo wapansi kudutsa m'mapiri. Linalembedwa nkhondo ili m'kati, wolemba asakudziwa kuti idzatha bwanji.

Wofuna kuseka apatsidwe Jennings wa Anthony Buckeridge. Anayambira pa wailesi ya BBC mu 1948, buku loyamba, *Jennings Goes to School*, n'kutuluka mu 1950. Buckeridge anali mphunzitsi, ndipo zimaoneka: Jennings si wamwano, amangomva malangizo a aphunzitsi ndendende mmene anenedwera, zotsatira zake n'kukhala chipwirikiti, aphunzitsi ake a Wilkins n'kumafufuma ndi ukali. Vuto ndi lakuti nthabwala zambiri zagona pa kaseweredwe ka mawu a Chingerezi, ndiye mwana ayambe wakhwima m'chiyankhulocho. Chimodzimodzi *Autumn Term* la Antonia Forest, la 1948, limene kwa ine ndi lolembedwa mwaluso kuposa onse a atsikana. Mapasa Nicola ndi Lawrie Marlow apita kusukulu kumene akulu awo onse anatchuka, iwo n'kumangolephera chilichonse chimene ayesa, ndipo mtsikana wamkulu akawanamizira, aphunzitsi akhulupirira wamkuluyo. Forest sathamangira kukonza zinthu kuti wolakwa alangidwe. Limeneli lisungeni mpaka Fomu 2.

Ena otchuka ndikuti adikire, kapena asabwere n'komwe. Billy Bunter wa pa sukulu ya Greyfriars, amene Charles Hamilton ankalemba pa dzina la Frank Richards m'magazini ya *The Magnet* kuyambira 1908 mpaka 1940, nthabwala yake yaikulu ndi yakuti mnyamatayo ndi wonenepa, wadyera, ndipo amamenyedwa mateche. Mulinso kalonga wa ku India wolankhula Chingerezi chopotoka kuti anthu aseke. Mlembi George Orwell anazidzudzula nkhanizi mu 1940, Hamilton n'kuyankha mosabisa kuti kwa iye anthu akunja ndi oseketsadi. Mwana wanu sataya kanthu akapanda kumudziwa Bunter. *Spud* la John van de Ruit, la ku South Africa la 2005, anthu amalitchula kawirikawiri chifukwa ndi la kufupi ndi kwathu, koma nkhani zake ndi za anyamata otha msinkhu, si za mwana wa zaka 12. Za Harry Potter, amene anayamba mu 1997, mudzaweruza nokha monga banja. Mafupa ake ndi a nkhani zomwezi, sitima yopita kusukulu, nyumba zinayi zopikisana, mphunzitsi wokondera, mphunzitsi wamkulu wanzeru, koma ndikudziwa kuti m'makomo ambiri kwathu kuno buku la sukulu ya ufiti silingalowe, ndipo palibe chifukwa choyambanitsira banja pamene ena abwino alipo.

Gogo wa mabuku onsewa ndi *Tom Brown's School Days* la Thomas Hughes, la 1857. Silinali loyamba, poti Sarah Fielding analemba kale za kasukulu ka atsikana mu 1749, koma ndi limene ena onse anatengerako. Hughes anaphunzira pa Rugby nthawi ya mphunzitsi wamkulu wotchuka Thomas Arnold, ndipo analemba zimene ankazidziwa. Chingerezi chake n'cholemera, mitu yoyambirira ndi yotopetsa, ndipo sindikuti mwana wanu aliwerenge tsopano. Ndalitchula chifukwa cha chochitika chimodzi. Flashman, mnyamata wamkulu wozunza anzake, afuna kuti Tom amugulitse tikiti ya mpikisano wa mahatchi. Tom akana. Flashman ndi anzake amugwira n'kumukanikiza kutsogolo kwa moto wa m'chipinda mpaka buluku lake lipserera, miyendo ipsa, mwanayo akomoka. Woyang'anira nyumba afunsa kuti wachita izi ndani. Anyamata onse duu. Tom nayenso, atatsitsimuka, satchula dzina. Ndipo bukulo likufuna kuti timutame chifukwa cha kukhala chete kumeneko.

Lamulo limenelo linayenda kuchokera kwa Hughes mpaka kwa Blyton osasintha. M'nkhani zimenezi ukhoza kukhala waulesi, wamwano, ngakhale wakuba, n'kudzakhululukidwa. Koma wokanena kwa aphunzitsi ndiye wonyansa kuposa onse. Ana amaweruzana okha, ndipo chilango chawo chachikulu ndi kugwirizana kalasi yonse kuti wolakwayo asalankhulidwe ndi aliyense kwa masiku angapo. M'buku zimatha bwino chifukwa wolemba ndiye mwini dziko: atsikana oweruzawo amakhala olungama, mphunzitsi wamkulu amadziwa zonse ngakhale sanauzidwe, ndipo wozunza amagwidwa mutu womaliza usanafike. Kusukulu yeniyeni kulibe wolemba woteroyo.

A ku Britain eni ake anadzaulula zimene kukhala chete kumeneku kunkaphimba. Roald Dahl, m'buku la ubwana wake lotchedwa *Boy*, la 1984, akufotokoza kuti pasukulu yake yoyamba makalata opita kunyumba ankalembedwa mphunzitsi wamkulu akuzungulira kumbuyo n'kumasuzumira, moti palibe mwana akanalemba kuti akuvutika. Iye anafika ponamizira apendikisi kuti angobwerera kwa amake. Pa Repton, sukulu yake yachiwiri yogonera komweko, ma prefect anali ndi mphamvu yokwapula ana anzawo, ndipo m'nyengo yozizira wina ankamutuma Dahl kukakhala pa chimbudzi chakunja kuti chifunde bwana asanabwere. Kukwapula ana kunaletsedwa m'sukulu za boma ku Britain ndi lamulo la 1986, koma m'sukulu zolipira za ku England ndi Wales kunapitirira mpaka 1999. Ndipo mu 2022 bungwe lofufuza za kugwiriridwa kwa ana ku England ndi Wales linatulutsa lipoti lokhudza sukulu zogonera komweko, losonyeza kuti m'malo ambiri ana ankaopa kunena, ndipo akanena, akuluakulu ankateteza mbiri ya sukulu m'malo moteteza mwana.

Kwathu kuno sitikusowa wotiuza. Mchitidwe wotiza ana a Fomu 1 timaudziwa: kuwalanda chakudya chimene abwera nacho, kuwachapitsa zovala, kuwadzutsa usiku kuti avine. Ndipo lamulo lake ndi lomwe lija, ukanena uona. Mwana amene wawerenga mabuku khumi omuuza kuti wonena ndi wachabechabe amakalowa m'hositelo atavomereza kale lamulolo.

Ndiye musamubisire mabukuwa, koma muwerenge naye, kapena bambo akewo ndiwo awerenge naye, poti ndiwo ali ndi nkhawa. Sizifuna kuti mukhale katswiri wa Chingerezi. Mwana akufotokozereni m'Chichewa zimene zachitika m'mutu umene wawerenga, inu muzingofunsa. Pofika pa dziwe paja, mufunseni: Gwendoline atamumiza Mary-Lou, Darrell akanapanda kukhalapo, Mary-Lou akanatani? Akanauza ndani? Akadzayankha kuti kunena n'koipa, musamukalipire, poti ndi zimene bukulo lamuphunzitsa. Muthandizeni kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mnzako akadya bisiketi magetsi atazima, kapena akaika chule m'desiki ya aphunzitsi, iwe n'kuthamangira kukanena kuti uoneke wabwino, pamenepo anzako akakunyoza ali ndi chifukwa. Koma wina akamenyedwa, akalandidwa chakudya kapena ndalama, akagwidwa thupi mosayenera ndi mwana mnzake kapena munthu wamkulu, akadwala n'kumabisa, kunena ndiye udindo, ndipo woyamba kuuzidwa akapanda kuchitapo kanthu, auze wachiwiri. Mugwirizane mawu amene adzanene pa foni kapena kulemba m'kalata osonyeza kuti zinthu sizili bwino, oti ngakhale matironi ali pambali pake sangawazindikire. Adziwenso kuti nambala ya 116 ndi yaulere, ya ana ofuna thandizo.

Za kuzemba usiku zija, auzeni bambo kuti m'mabuku a Blyton phwando la pakati pa usiku limakhala nsomba za m'chitini, chinanazi cha m'chitini, keke ndi chakumwa cha jinja, ndipo kawirikawiri wina amadzuka m'mimba mukupota matironi n'kumumwetsa mankhwala owawa. Ambiri mwa mabukuwa analembedwa chakudya chikugulidwa mochita kuyeza chifukwa cha nkhondo, ndiye ana a nthawi imeneyo ankawerenga za chinanazi cha m'chitini malovu ali chuchuchu. Mwana wanu akadzabisa chiponde ndi mbatata yootcha m'sutikesi, adzakhala ataphunzira kwa anzake a m'hositelo, osati kwa Blyton.

Pomaliza, zoti azakhaliwo asamale pogula. Mabuku otsatizana a *Malory Towers* alipo 12, koma a Blyton mwini ndi 6 oyambirira okha. Enawo analemba ndi Pamela Cox mu 2009, ndipo amatsata Felicity, mng'ono wake wa Darrell. Si oipa, koma ayambe ndi enieniwo, motsatana, chifukwa atsikanawo amakula buku ndi buku. Makope atsopano anawakonzanso apa ndi apo, moti m'ena Darrell samuwombanso mbama Gwendoline, amangomugwedeza. Ine ndimakonda akalewo, chifukwa kupepesa kwa Darrell kumalemera pamene cholakwa chake chili chachikulu, koma lililonse limene lapezeka litumizidwe. *A Little Princess* ndi *Tom Brown* asawononge nawo ndalama ya positi: ndi akale kwambiri moti amapezeka aulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg, mukhoza kuwatsitsira pa foni. Malo amene atsala m'phukusilo aikemo *The Flying Classroom* ndi dikishonale yaing'ono yoti mwana azikhala nayo pambali.